Phungu watula pansi udindo: kodi chisankho cha mpando umodzi chili ndi phindu?

Funso: Ndimakhala m'chigawo cha Ontario ku Canada ndipo chaka chatha ndinalandira unzika. Tsopano kwabwera kakhadi kondiitana kukavota pa chisankho chachibwereza, ati phungu wathu wa ku nyumba ya malamulo ya chigawo watula pansi udindo. Komatu phungu wathu wa ku Ottawa alipo. Ndiye tikusankhanso ndani? Bwanji chipani chake osangoikapo munthu wina m'malo mowononga ndalama? Ndipo popeza boma lilipo kale, voti yanga isintha chiyani?

Yankho: Mayi, tsikulo likafika mupite mukavote. Zifukwa zake ndikupatsani, koma tiyambe ndi aphungu awiriwo, chifukwa ambiri amene angolandira kumene unzika amasokonezeka pomwepa.

Dziko la Canada lili ndi zigawo 10 komanso madera 3 a kumpoto, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo ndi boma lakelake. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 1867 anagawa ntchito pakati pa boma la dziko lonse la ku Ottawa, likulu la Canada, ndi maboma a zigawo. Ku Ottawa kunapita asilikali, ndalama ya dziko, unzika ndi malamulo okhudza milandu yaupandu. Zipatala, sukulu, makhonsolo a mizinda ndi nkhani za katundu wa anthu zinatsala m'manja mwa zigawo. Choncho phungu amene wachokayu ndi uja amakhala ku Queen's Park mu mzinda wa Toronto, m'nyumba ya mipando 124, komwe amakambirana za khadi yanu ya kuchipatala, kuchepa kwa madokotala, kuchuluka kwa ana m'kalasi, mlingo wokwezera lendi ndi malipiro otsikitsitsa a anthu apantchito. Mukaganiza bwino muona kuti zambiri zimene zimakusowetsani tulo zimadutsa m'manja mwa phungu ameneyu, osati wa ku Ottawa uja. Munthu mmodzi saloledwa kukhala m'nyumba zonse ziwiri, motero palibe amene akugwirizira ntchitoyi panopa. Dera lanu lilibe mawu ku Queen's Park kufikira mutasankha wina.

Mpando umatsala wopanda munthu phungu akamwalira, akatula pansi udindo, kapena bwalo la milandu likathetsa zotsatira za chisankho chake. Kutula pansi udindo ndiko kumachuluka. Ena amatopa kapena kudwala, ena amakapikisana nawo pa udindo wina. Mwachitsanzo, Andrea Horwath anasiya mpando wa Hamilton Centre mu 2022 n'kukakhala meya wa mzinda wa Hamilton. Palinso ena amene amachoka dala pofuna kupatsa malo mtsogoleri wa chipani chawo yemwe alibe mpando. Chifukwa chimene phungu wanu wachokera muchifufuze, pakuti chimakuuzani zambiri za mpikisano umene ukubwera.

Zikatero, Sipikala wa nyumba amadziwitsa mkulu wa bungwe loyendetsa zisankho la Elections Ontario, ndipo kuyambira pamenepo lamulo limapereka miyezi isanu ndi umodzi kuti chisankho chiitanidwe. Ku Quebec ndi ku British Columbia malire ake ndi omwewo. Koma amene amasankha tsiku lenileni mkati mwa miyeziyo ndi nduna za boma motsogozedwa ndi Premier, ndiye kuti mkulu wa boma la chigawo, munthu yemwe chipani chake chikupikisana nawo. Apa ine sipandisangalatsa ngakhale pang'ono. Akaona kuti mphepo ikuwomba mokomera iye, amaitanitsa msanga otsutsa asanapeze munthu. Akaona kuti agwa, amazengereza mpaka kumapeto. Taonani zimene zinachitika ku Alberta mu 2022. Danielle Smith analumbira kukhala Premier mu Okutobala alibe mpando m'nyumba. Phungu wa chipani chake wa ku Brooks-Medicine Hat anamupatsa malo, chisankho chinachitika pa 8 Novembala ndipo iye anapambana. Koma pa nthawi yomweyo mpando wa Calgary-Elbow unali utakhala kale wopanda munthu, ndipo kumeneko chisankho sichinaitanidwe. Anthu a deralo anakhala opanda phungu mpaka chisankho chachikulu cha mu Meyi 2023, pamene anavotera chipani chotsutsa cha New Democratic Party (NDP). Maiko ena anatseka mpata woterewu. Malamulo aakulu a Pakistan amati mpando wa m'nyumba ya chigawo udzazidwe pasanathe masiku 60, pokhapokha ngati nyumbayo yatsala pang'ono kutha nthawi yake. Ku India malire ndi miyezi isanu ndi umodzi, koma tsiku limasankhidwa ndi bungwe loyendetsa zisankho, osati wandale amene akupikisana nawo. Njira imeneyo ndi imene ine ndimaiona kuti ndi yachilungamo.

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti bwanji chipani osangoikapo munthu wina. Kuli malo kumene amachitadi zimenezo. Ku South Africa, m'zigawo zonse 9, anthu amavotera chipani, ndipo chipani chimalandira mipando molingana ndi mavoti amene chapeza m'chigawo chonse. Phungu akamwalira kapena akachoka, chipani chimangotenga dzina lina pa mndandanda wake, popanda wina kuponya voti. Ndalama siziwonongeka, mpando sukhalitsa wopanda munthu, ndipo mphamvu za zipani m'nyumba sizisintha. Ubwino wake ndi woonekeratu ndipo sindikuupeputsa. Koma phungu woteroyo sanasankhidwe ndi dera lililonse. Amene anamuika ndi akuluakulu a chipani, ndipo amene amawaopa ndi omwewo.

Ku Ontario dongosolo ndi lina. Dera lililonse limasankha munthu mmodzi, dzina lake limalembedwa pa pepala lovotera, ndipo amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye phungu, ngakhale asafike theka. Mpando ndi wa anthu a m'deralo, amene anaubwereketsa kwa munthu amene anamusankha. Iye akachoka, mpandowo umabwerera kwa eni ake, osati ku chipani. Kuti muone kuti zimenezi si mawu chabe, imvani nkhani ya John Tory. Iyeyu anali mtsogoleri wa chipani cha Progressive Conservative ku Ontario komweko, ndipo pa chisankho cha 2007 anagonja ku Don Valley West kwa Kathleen Wynne. Anakhala akutsogolera chipani ali kunja kwa nyumba, mpaka phungu wa chipani chake, Laurie Scott, anamusiyira mpando wa Haliburton-Kawartha Lakes-Brock, dera limene aliyense ankaliona ngati losagwedezeka. Pa 5 Malichi 2009 anthu a kumeneko anasankha Rick Johnson wa chipani cha Liberal, ndipo Tory anatula pansi utsogoleri wa chipani. Chipani chikanakhala ndi mphamvu yongoikapo munthu, Tory akanalowa m'nyumba popanda womufunsa. Anthu a deralo anafunsidwa, ndipo anakana. Ufulu wokana umenewu ndi umene ndalama mukudandaulazo zikugula. Ndalama zimapitadi, pa malo ovotera, pa mapepala ndi pa malipiro a ogwira ntchito, koma phungu mukusankhayu akavotera nawo bajeti ya chigawo yoposa madola 200 biliyoni pachaka. Kusankha bwino munthu woyang'anira chuma chotere si kuwononga.

Funso lachitatu ndi limene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa yankho lake limasintha malinga ndi mmene mipando yagawikira m'nyumba. Musanaweruze chisankho chachibwereza chilichonse, werengani kaye mipando.

Mu 2011 chipani cholamula cha Liberal cha Premier Dalton McGuinty chinapeza mipando 53 mwa 107 imene inalipo nthawi imeneyo ku Ontario. Chinaperewera mpando umodzi wokha kuti chizipambana mavoti a m'nyumba popanda kupempha thandizo kwa otsutsa. Chaka chotsatira McGuinty anapatsa phungu wotsutsa, Elizabeth Witmer, udindo wotsogolera bungwe loona za chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito. Mayiyo anavomera, mpando wake wa Kitchener-Waterloo unatsala wopanda munthu, ndipo aliyense anaona cholinga chake. Pa 6 Sepitembala 2012 anthu a deralo anasankha Catherine Fife wa NDP, ndipo woimira boma anathera pa nambala yachitatu. Mwezi wotsatira McGuinty analengeza kuti akutula pansi udindo. Panali mavuto enanso amene anamukankha, koma khomo limene ankafuna kutulukira linatsekedwa ndi ovota a dera limodzi.

Ku British Columbia zinafika pothina kuposa apo. Boma la John Horgan la NDP linkayenda ndi thandizo la aphungu 3 a chipani cha Green m'nyumba ya mipando 87. Phungu wa NDP wa ku Nanaimo, Leonard Krog, atasankhidwa kukhala meya wa mzindawo, chisankho chachibwereza chinachitika pa 30 Januwale 2019. Chipani cha Liberal chikanapambana, mbali ziwirizi zikanalingana, 43 uku 43 uku, ndipo Sipikala akanakhala akukakamizika kuweruza pa nkhani iliyonse yopikisana. Boma lotere silikhalitsa. Anapambana ndi Sheila Malcolmson wa NDP, yemwe anachita kusiya mpando wake wa ku Ottawa kuti adzapikisane nawo, zomwe zinabalanso chisankho china chachibwereza cha ku Ottawa miyezi ingapo pambuyo pake. Ku Punjab m'dziko la Pakistan, aphungu amene anavotera Hamza Shehbaz, wa chipani china, kuti akhale nduna yaikulu ya chigawocho mosemphana ndi chipani chawo cha PTI analandidwa mipando, ndipo pa 17 Julayi 2022 madera 20 anavotanso tsiku limodzi. PTI inatenga 15, ndipo mwezi usanathe, nkhani itadutsanso ku khothi lalikulu, chigawocho chinali ndi nduna yaikulu ina, Pervaiz Elahi.

Ndikuuzeni mosabisa kuti chisankho chanuchi sichili chotero. Pa chisankho cha mu Febuluwale 2025 chipani cha Progressive Conservative cha Premier Doug Ford chinapeza mipando 80 mwa 124. Kaya mpando wanu upite kwa ndani, boma m'mawa mwake likhala lomwelo. Aliyense wokuuzani kuti voti yanu igwetsa boma akungokukopani.

Komabe pali zina zimene mpando umodzi umasuntha. Ku Queen's Park chipani chimafunika aphungu 12 kuti chizindikiridwe mokwanira m'nyumba, ndipo kuzindikiridwako kumabwera ndi ndalama zolembera ofufuza komanso nthawi yotsimikizika yofunsa mafunso nduna. Chipani cha Liberal chinatsala ndi aphungu 7 mu 2018 ndi 8 mu 2022, ndipo zaka zonsezo chinalibe mwayi umenewu. Kwa chipani chimene chili pafupi ndi malire amenewa, mpando umodzi ndi nkhani yaikulu. Chipani cha Green chinali ndi phungu mmodzi yekha, Mike Schreiner, mpaka Aislinn Clancy anapambana chisankho chachibwereza cha Kitchener Centre mu Novembala 2023. Boma lamphamvu limafunika otsutsa amene ali ndi zida zogwirira ntchito, ndipo zida zimenezi zimachokera pa chiwerengero cha mipando.

Chinanso n'chakuti boma limamvetsera. Pa chisankho chachikulu nkhani zimachuluka ndipo dera lanu limamira pakati pa madera 124. Pa chachibwereza atsogoleri onse a zipani, atolankhani ndi ogogoda m'makomo amakhamukira malo amodzi, ndipo kwa milungu inayi chipatala cha kwanu chimakhala nkhani ya chigawo chonse. Ku Quebec, boma la François Legault linasiya mu Epulo 2023 lonjezo lake lomanga msewu wa magalimoto wodutsa pansi pa mtsinje pakati pa mizinda ya Quebec ndi Lévis. Pa 2 Okutobala chaka chomwecho chipani chake chinataya mpando wa Jean-Talon kwa Pascal Paradis wa Parti Québécois, ndipo tsiku lotsatira Legault anayambanso kulankhula za ntchitoyo. Boma lake linali ndi mipando yambiri zedi, silinali pangozi iliyonse, koma linamva kuwawa. Kaya msewuwo unali woyenera kapena ayi ndi nkhani ina. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ovota a dera limodzi anabweza patebulo nkhani imene boma linali litaichotsapo.

Muchenjere ndi zimene mudzamve usiku wa zotsatira. Opambana adzati chigawo chonse chalankhula, ogonja adzati zinali za m'dera chabe. Nthawi zina chisankho chachibwereza chimalosadi zam'tsogolo. Geneviève Guilbault atalanda mpando wa Louis-Hébert kwa chipani cha Liberal ku Quebec mu Okutobala 2017, chaka chotsatira chipani chake cha CAQ, cha Legault uja, chinalowa m'boma. Koma ku British Columbia mu Epulo 2012, NDP inalanda mipando iwiri ya chipani cholamula, wa Chilliwack-Hope ndi wa Port Moody-Coquitlam, anthu n'kumati boma la Christy Clark latha. Mu 2013 chipani cha Clark chinapambananso ndipo mipando iwiri ija inabwerera. Chodabwitsa n'chakuti Clark mwiniwakeyo anagonja m'dera lake kwa David Eby, ndipo anachita kulowa m'nyumba kudzera pa chisankho chachibwereza cha ku Westside-Kelowna mu Julayi chaka chomwecho. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Pa chachibwereza munthu amadziwa kuti sakusankha boma, ndiye amamasuka kulanga chipani chimene amachikonda kapena kuyesa chipani chaching'ono. Chisankho chachikulu chikafika, funso limasintha n'kukhala lakuti ndani alamulire, ndipo ambiri amabwerera kwawo.

Palinso nkhani ya kuchepa kwa ovota, imene imandimvetsa chisoni koma kwa inu ndi chifukwa china chopitira. Pa chisankho chachikulu cha Ontario cha 2022 amene anavota sanafike theka la olembetsa. Pa chachibwereza cha Hamilton Centre mu Malichi 2023, cholowa m'malo mwa Horwath uja, sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye kuti phungu woimira anthu onse a m'dera amasankhidwa ndi kagulu kochepa, makamaka mamembala okhulupirika a zipani, achikulire ozolowera kuvota, ndi anthu amene akwiya ndi nkhani inayake. Ogwira ntchito za usiku, okhala m'nyumba za lendi ndi nzika zatsopano ngati inu ndi amene amasowa kwambiri pamzere. Zipani zimadziwa misewu imene anthu amavota ndi imene savota, ndipo zimatchera khutu molingana ndi zimenezo. Ovota akachepa, voti iliyonse imalemera kuposa masiku onse.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Wovota ayenera kukhala nzika ya Canada, wa zaka 18 kapena kuposa, wokhala m'dera limene mukuchitika chisankhocho. Ngati pakhomo panu pali ena amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale koma unzika sanalandire, iwo savota, ndipo asayese n'komwe chifukwa ndi mlandu. Mnzanu wokhala tsidya lina la msewu akhoza kukhala wa dera lina, choncho musadabwe iye akapanda kulandira kakhadi. Malire a madera a chigawo ndi a ku Ottawa si nthawi zonse amafanana. Popita mutenge kakhadi kanuko pamodzi ndi chiphaso chimodzi chosonyeza dzina lanu. Mukakataya musabwerere, mutenge chikalata chosonyeza dzina ndi adiresi yanu. Ku Ontario amavota Lachinayi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, ndipo lamulo limati wogwira ntchito akhale ndi maola atatu otsatizana oti akavote. Ngati ndandanda yanu ya ntchito sikupatsani maola amenewa, abwana anu ayenera kukumasulani osakudulani malipiro. Mukhozanso kuvota masiku oyambirira amene alembedwa pa kakhadiko, kapena kupempha kuvota kudzera pa positi.

Posankha munthu, musangotengera dzina la chipani limene munalizolowera pa nkhani za ku Ottawa, pakuti zipani za m'zigawo zili ndi atsogoleri awo ndi mfundo zawo. Opikisanawo adzafika pakhomo panu, mwina kangapo. Muwafunse za zinthu zimene zilidi m'manja mwa chigawo: chipatala, sukulu ya ana anu, lendi, mayendedwe. Muwafunsenso ngati amakhala m'deralo, ndiponso ofesi yawo idzakhala pati, chifukwa gawo lalikulu la ntchito ya phungu ndi kuthandiza anthu amene mapepala awo akakamira m'maofesi a boma. Wa chipani cholamula adzakuuzani kuti iye adzakhala pafupi ndi nduna, wotsutsa adzati iye adzalankhula mosaopa. Onse awiri akunena zoona pang'ono, ndipo inu ndi amene mukudziwa chimene dera lanu likusowa kwambiri pakali pano. Amene apambane adzangomaliza nthawi imene inatsala ya phungu wakale uja, kenako adzabweranso kwa inu pa chisankho chachikulu, ndiye zimene akulonjezani pakhomopo muzilembe penapake.